Timu Imafa Bwanji? Mbiri ya Anzhi ndi Matimu Athu Amene Anazimirira

Amayi amene muli pambaula, abambo amene mwangotsika minibasi, ndi inu anyamata amene mukusasa fumbi la kubwalo, takulandirani ku pulogalamu yathu ya mbiri ya masewera.

Lero tikamba za imfa ya timu ya mpira. Inde, timu imafa. Imabadwa, imakula, anthu amaiimbira nyimbo, kenako tsiku lina dzina lake limasowa pa ndandanda wa ligi, ndipo ana obadwa pambuyo sadziwa n'komwe kuti inaliko.

Ndiyambe ndi funso kwa inu akuluakulu. Zamsure mukuikumbukira? Nanga Vitafoam United? Nanga Strike Rovers? Tsopano tembenukani, mufunse mwana amene mwakhala naye pafupi ngati maina amenewa anawamvapo. Ndikhulupirira kuti akupukusa mutu. Komatu awa anali matimu a m'ligi yaikulu ya dziko lino, okhala ndi osewera odziwika ndi masapota awo.

Ulendo wathu ukhala motere. Tiyamba kutali, ku Russia, kumene tikamve mbiri ya timu yotchedwa Anzhi Makhachkala, imene inakwera mofulumira kwambiri n'kugwanso mofulumira chimodzimodzi. Tikachoka kumeneko tibwerera kuno kwathu, ku Copperbelt ndi ku Lusaka, ndipo tidzathera pabwalo la m'komboni. Mfundo imene ndikufuna muigwire ndi imodzi yokha: timu imene imadya m'thumba la munthu mmodzi imafa tsiku limene thumbalo latsekedwa.

Wina afunsa kuti, za ku Russia zikutikhudza bwanji ife a ku Kabanana, kuno ku Lusaka? Zikutikhudza, chifukwa ana athu akhala akukadyera mpira kumeneko. Chisamba Lungu, mmodzi wa anyamata amene anatibweretsera chikho cha Africa mu 2012, anasewera zaka zambiri ku timu ya Ural. Fashion Sakala, mwana wa ku Chipata, atachoka ku Zanaco anayamba wapita ku timu yachiwiri ya Spartak Moscow. Evans Kangwa ndi mng'ono wake Kings anasewera ku Arsenal Tula. Anzathu a ku Malawi amakumbukira Esau Kanyenda, amene anavala jezi ya Rostov ndi ya Lokomotiv Moscow. Choncho ligi ya kumeneko si yachilendo kwenikweni kwa ife.

Tiyeni tsono ku Makhachkala. Uwu ndi mzinda waukulu wa chigawo cha Dagestan, kum'mwera kwa Russia, m'mbali mwa nyanja ya Caspian. Ndi dera la mapiri, la mitundu yambiri ya anthu ndi zinenero zambiri, ndipo ambiri mwa iwo ndi Asilamu. Ndi limodzi mwa madera osauka a dzikolo, ndipo kwa zaka zambiri kunalibe mtendere weniweni chifukwa cha nkhondo ya ku Chechnya, imene ili pafupi pomwepo. Kumeneko ndi kumene Anzhi inabadwira m'chaka cha 1991, chaka chomwecho chimene dziko la Soviet Union linatha, ndipo kuno kwathu ndi chaka chimene tinabwerera ku ndale za zipani zambiri.

Zaka zake zoyamba zinali za thukuta. Inayambira pansi, n'kumakwera pang'onopang'ono, mpaka inalowa m'ligi yaikulu m'chaka cha 2000. Chaka choyambacho inadabwitsa dziko lonse pothera pa nambala 4. Chaka chotsatira inafika m'ndime yomaliza ya chikho cha Russia, n'kugonja pa mapenate kwa Lokomotiv Moscow. Inapezanso mwayi wosewera mpikisano wa ku Ulaya, kumene inakumana ndi Rangers ya ku Scotland. Koma taonani tsoka la dera lopanda mtendere: masewerawo sanachitikire kwawo. Anakachitikira ku Warsaw, m'dziko la Poland, kamodzi kokha, ndipo Anzhi inagonja ndi chigoli chimodzi. Mu 2002 inatuluka m'ligi yaikulu, ndipo inakhala pansi zaka zisanu ndi ziwiri isanabwererenso.

Mpaka pamenepa, mbiri yake ndi yofanana ndi ya matimu ambiri amene timawadziwa: kukwera, kutsika, kusowa ndalama, masapota ochepa koma okhulupirika. Zinthu zinasintha mu January 2011, pamene timuyi inatengedwa ndi Suleiman Kerimov, mmodzi wa anthu olemera kwambiri ku Russia, amenenso ndi mbadwa ya ku Dagestan komweko.

Mvetserani zimene zinachitika m'miyezi yochepa chabe. Choyamba kunabwera Roberto Carlos wa ku Brazil, uja wa mwendo wamanzere woopsa, amene anatenga chikho cha dziko lonse mu 2002. Anali atakula ndithu, zaka 37, koma dzina lake linali likadali lolemera. Kenako kunabwera Yuri Zhirkov kuchokera ku Chelsea. Ndiye mu August chaka chomwecho dziko lonse linagwira pakamwa: Samuel Eto'o wa ku Cameroon, yemwe uja anatigoletsa ife a Chipolopolo ku Africa Cup ya 2008 ndi ya 2010, anachoka ku Inter Milan kupita ku Anzhi. Malipiro ake ankanenedwa kuti anali pafupifupi mayuro 20 miliyoni pachaka, ndipo panthawiyo panalibe wosewera mpira wina padziko lapansi wolandira zoposa pamenepo. Mu 2012 anaitana mphunzitsi wotchuka wa ku Netherlands, Guus Hiddink. Anagula Christopher Samba wa ku Congo kuchokera ku Blackburn, Lacina Traoré wa ku Ivory Coast, Lassana Diarra kuchokera ku Real Madrid, ndipo kumayambiriro kwa 2013 anawonjezera Willian wa ku Brazil.

Apa pali chinthu chimene ndikufuna muchione bwinobwino, chifukwa kwa ine ndi pamene pagona nkhani yonse. Akatswiri onsewa sankakhala ku Makhachkala. Ankakhala kufupi ndi Moscow, n'kumachitira zokonzekera zawo pamalo otchedwa Kratovo. Masewera a pakhomo akayandikira, ankakwera ndege ulendo wautali kuposa wochokera ku Lusaka kukafika ku Johannesburg, n'kutera, kusewera, kenako n'kukweranso ndege kubwerera. Taganizirani zimenezo. Mwana wa mumzindawo sankakumana ndi wosewera wa timu yake pamsika, kapena kometetsa tsitsi, kapena panjira yopita kusukulu. Ankangomuona kwa mphindi 90, ali kutali pakati pa bwalo. Masewera a mpikisano wa ku Ulaya okha ndiye sankachitikira n'komwe ku Dagestan, chifukwa bungwe la UEFA silinkalola. Ngakhale tsiku lalikulu lija la mu November 2012, pamene Anzhi inagonjetsa Liverpool ndi chigoli cha Traoré, masewerawo anachitikira ku Moscow.

Ndipo malo a Kratovo aja anali a timu ina, Saturn, imene inali itangochoka kumene m'ligi yaikulu chifukwa cha ngongole. Anzhi inalowa m'malo a timu yogwa, koma palibe amene anaima n'kufunsa kuti mnzathuyu chamugwetsa n'chiyani.

Pabwalo zinthu zinayenda ndithu, ngakhale sizinafike pamene mwini ndalama ankafuna. M'nyengo ya 2012 mpaka 2013 Anzhi inathera pa nambala 3 m'ligi, malo apamwamba kwambiri m'mbiri yake yonse. Inafikanso m'ndime yomaliza ya chikho cha Russia, n'kugonjanso pa mapenate, ulendo uno kwa CSKA Moscow. Ku Ulaya inatulutsidwa ndi Newcastle, ndi chigoli cha Papiss Cissé cha m'mphindi yomaliza. Ndalama zonse zija sizinabweretse chikho ngakhale chimodzi.

Tsopano tafika pa mwezi wa August 2013. Hiddink anali atatula pansi udindo mu July. Amene analowa m'malo mwake, René Meulensteen, anangokhala masiku 16 n'kuchotsedwa. Kenako akuluakulu a timu analengeza kuti ndalama zoyendetsera timu zidulidwa kwambiri, ndipo akatswiri onse ali pamsika. Masiku omwewo, kampani ya Uralkali, yokumba potashi amene amapangira feteleza, mmene Kerimov anali ndi gawo lalikulu, inali itangosiyana ndi kampani inzake ya ku Belarus imene ankagulitsira limodzi katundu, ndipo mtengo wa masheya ake unagwa kwambiri. Mkangano wa anthu ogulitsa feteleza, umene wosewera kapena sapota analibe nawo mbali, unamveka mpaka pabwalo la mpira.

M'milungu yochepa timu inabalalika. Eto'o ndi Willian anapita ku Chelsea. Zhirkov, Samba ndi ena angapo anapita ku Dynamo Moscow. Diarra anapita ku Lokomotiv. Timu imene chaka chapitacho inali yachitatu, nyengo imeneyo inapambana masewera atatu okha m'ligi yonse, n'kuthera pansi penipeni.

Sinafe tsiku lomwelo ayi. Timu imafa pang'onopang'ono, ndipo mbali imeneyi ndi imene imapweteka. Inabwerera m'ligi yaikulu mu 2015, koma kumapeto kwa 2016 Kerimov anaisiya m'manja mwa munthu wina. Kuyambira pamenepo nkhani inali ya ngongole ndi osewera osalipidwa. Mu 2018 inayenera kutuluka m'ligi, koma inapulumuka chifukwa timu ina, Amkar Perm, inatha chifukwa chosowa ndalama. Mu 2019 inatuluka ndithu, ndipo chifukwa cha ngongole inakanizidwa chiphaso chosewerera ngakhale m'ligi yachiwiri, n'kugwera m'yachitatu. Mu 2022 inakanizidwanso chiphaso, ndipo pamenepo mbiri yake mumpira wa malipiro inathera. Kuchokera tsiku limene Eto'o anafika mpaka tsiku limenelo sipanathe ngakhale zaka 11.

Tinene chilungamo: Kerimov sanasiye bwinja lokhalokha. Bwalo la Anzhi Arena, m'tauni ya Kaspiysk, linakonzedwa bwino m'nthawi yake, ndipo anakhazikitsa sukulu yophunzitsa ana mpira. Zimenezo zinatsala. Lero anthu a kumeneko amachemerera Dynamo Makhachkala, timu yakale ya mumzindawo, imene inalowa m'ligi yaikulu mu 2024 n'kumasewera pabwalo lomwelo. Chimene chinamangidwa pansi chinatsala, chimene chinabwera pandege chinabwereranso pandege.

Anzhi si yokha. FC Moscow inatha mu 2010 pamene kampani ya migodi ya Norilsk Nickel inaleka kuithandiza. Tosno inatenga chikho cha Russia mu May 2018, ndipo patangopita milungu yochepa inatsekedwa. Ndibwereze mfundo yathu ija: timu imene imadya m'thumba la munthu mmodzi, kaya la kampani imodzi, imafa tsiku limene thumbalo latsekedwa.

Tipume kaye pang'ono ndi kanyimbo. Tikabwerera, tikhala tili kuno kwathu.

Takulandiraninso, omvera. Ngati mwangotsegula kumene wailesi, lero tikukamba za mmene timu ya mpira imafera. Tamva za Anzhi ya ku Russia. Tsopano tiyang'ane pakhomo pathu, chifukwa zimene tamvazi ife a ku Zambia tinazionapo ndi maso athu.

Mpira wa dziko lino unaleredwa ndi migodi ndi makampani a boma. Ligi ya dziko lonse itayamba mu 1962, akatswiri oyamba anali Roan United a ku Luanshya, timu ya mgodi. Mufulira Wanderers, Rhokana United imene lero timaitcha Nkana, Nchanga Rangers, Konkola Blades, onsewa anali ana a migodi. Kabwe Warriors, kumene Godfrey Chitalu ankasewera pamene anagoletsa zigoli 107 m'chaka cha 1972, inali ya kampani ya njanji. Wosewera ankalembedwa ntchito pakampani, n'kupatsidwa nyumba, chipatala ndi sukulu ya ana. Migodi inkamanga mabwalo, inkagula mipira ndi nsapato, inkalipira aphunzitsi a ana m'makomboni a ogwira ntchito. Tisanyoze nthawi imeneyo. Ndi imene inatipatsa Kalusha Bwalya, mwana wa ku Mufulira, amene anasankhidwa kukhala wosewera wopambana mu Africa yonse mu 1988. Ndi imene inafikitsa Nkana m'ndime yomaliza ya chikho cha akatswiri a mu Africa mu 1990, pa Independence Stadium pomwe apa. Ndi imenenso inathandiza Power Dynamos kutenga chikho cha mu Africa mu 1991.

Koma thumba linali limodzi, ndipo dzina lake linali ZCCM, kampani ya boma ya migodi. Mtengo wa kopa utagwa, ndipo boma litayamba kugulitsa makampani ake m'zaka za m'ma 1990, eni ake atsopano anabwera kudzakumba kopa, osati kudzasamala mpira. Ku Luanshya mgodi unagulitsidwa mu 1997, ndipo pofika chaka cha 2000 kampani imene inaugula inali itagwa. Anthu masauzande anataya ntchito. Munthu amene akusowa ufa kunyumba sangalipire pageti la Kafubu Stadium. Roan United, akatswiri oyamba a dziko lino, anayamba moyo wokwera ndi kutsika, ndipo ulemerero wakale uja sunabwererenso. Nkana yeniyeniyo, imene inkaopedwa mu Africa monse, inatuluka m'ligi yaikulu mu 2004. Mufulira Wanderers inakhala m'ligi yapansi pafupifupi zaka khumi isanabwerere mu 2015.

Kuno ku Lusaka nakonso kunali matimu a makampani. Zamsure inali ya kampani ya boma ya inshuwalansi, ndipo ndi kumene kunachokera Andrew Tembo, amene anakasewera zaka zambiri ku Odense m'dziko la Denmark. Lero Zamsure kulibe m'ligi yathu. Profund Warriors inali ya bungwe losunga ndalama za ogwira ntchito la National Provident Fund, ndipo ndi timu imene inatchukitsa Derby Makinka, mmodzi wa ngwazi zathu zimene zinatisiya pangozi ya ndege ku Gabon mu 1993 ndipo zinagona pa Heroes Acre, pafupi ndi ife pano. Profund inachita mwayi: bungwe lija litalowedwa m'malo ndi NAPSA, timu inapitirira ndi dzina latsopano la NAPSA Stars. Ku Ndola, Vitafoam United, timu ya kampani ya matiresi, inatenga chikho cha Independence mu 1981. Lero dzina lake latsala m'kamwa mwa achikulire okha.

Kutsidya kwa Mchinji nkhani ndi yomweyo. MDC United inatenga ligi ya Malawi mu 1988, koma kampani imene inkaisunga itatha, timu nayo inatha. ESCOM United, ya kampani ya magetsi, inatenga ligi mu 2007, ndipo lero kulibe.

Tsono funso lalikulu ndi ili: n'chifukwa chiyani ena anafa, pamene ena anadwala n'kudzukanso? Nkana inabwerera n'kutenganso ligi mu 2013. Wanderers inabwerera. Ku Blantyre, Bullets yasintha maina kangapo: inali Bata Bullets, inakhala Total Big Bullets, inakhala Bakili Bullets nthawi imene inatulutsa Orlando Pirates m'chikho cha Africa mu 2004, ndipo pambuyo pake inakhala Nyasa Big Bullets. Wothandiza aliyense akachoka, timu inkavutika koopsa, koma sinafe. Sindikunena kuti chikondi chokha chimalipira osewera. Nkana ndi Wanderers zinafunikabe ndalama za kampani ya Mopani kuti ziimenso. Koma wothandiza watsopano amapita kumene kuli anthu. Ku Wusakile ndi ku Kantanshi, makomboni a matimu awiriwa, kunali agogo, makolo ndi ana amene ankadzazabe bwalo timu ili pansi, ndipo sakanalola kuti dzinalo lifafanizidwe. Zamsure inalibe komboni yoilira. Inali ndi ofesi, ndipo ofesi ikatseka faelo nkhani imathera pomwepo.

Ndiye tayang'anani ligi yathu ya lero. Zanaco ndi ya banki. Zesco United ndi ya kampani ya magetsi. Green Buffaloes, Red Arrows, Green Eagles ndi Nkwazi ndi za asilikali ndi apolisi. Mabungwe amenewa akuchita ntchito yotamandika, ndipo popanda iwo sindikudziwa kuti mpira wathu ukanakhala pati. Koma ine nkhawa ndili nayo. Timu iliyonse mwa amenewa iyenera kudzifunsa kuti, mawa akuluakulu a kampani atakhala pansi n'kunena kuti ndalama za mpira zatha, tidzatsala ndi chiyani? Kodi tili ndi mamembala olipira? Kodi bwalo ndi lathu? Kodi tili ndi ana amene tikulera, oti tingawagulitse kunja n'kupeza ndalama? Kodi pali komboni imene ingaime n'kunena kuti timu iyi ndi yathu?

Njira zina zilipo, ndipo si zakutali. Ku Bulawayo kuli Highlanders, imene inayamba mu 1926, kumene Kelvin Kaindu wathu anasewera n'kudzakhalanso mphunzitsi. Eni ake ndi mamembala, amene amasankha atsogoleri awo pamsonkhano. Mavuto a ndalama amawapeza kawirikawiri, koma palibe munthu mmodzi amene angadzuke m'mawa n'kuitseka. Ku Germany kuli lamulo loti, kupatula matimu ochepa, mavoti ambiri m'timu akhale m'manja mwa mamembala, ngakhale wandalama atabwera ndi chuma chotani. Ndipo malamulo a ziphaso za matimu amene mabungwe oyendetsa mpira a CAF ndi FAZ amatsata amafuna kuti timu ionetse mabuku ake a ndalama, isakhale ndi ngongole za malipiro a osewera, ndiponso ikhale ndi matimu a ana. Malamulo amenewa amaoneka ngati ovutitsa, koma cholinga chake n'choti matenda aoneke timu isanafe.

Tafika kumene ndinalonjeza kuti tidzathera, pabwalo la m'komboni. Inu a ku Kabanana mukudziwa mmene Sondo masana imakhalira. Bwalo ndi la fumbi lofiira, mizere yathiridwa ndi phulusa kapena laimu, magoli alibe ukonde. Ana akuthamangitsa chimpombwa chawo kuseri kwa golo, amayi ayala chinangwa chokazinga ndi mafiriziti m'mbali, anthu aima mizere itatu kuzungulira bwalo, ndipo chigoli chikalowa onse amathamangira mkati. Pamenepo mpira ndi wamoyo kuposa m'mabwalo ena aakulu amene mipando yake imakhala yopanda anthu.

Koma tayang'anitsitsani timu imene yavala bwino kuposa zonse. Kawirikawiri kumbuyo kwake kuli munthu mmodzi, mwina mwini bala, mwina mwini maminibasi, mwina wofuna ukhansala. Ndiye amagula jezi, amalipira oimbira mpira, amapereka galimoto ya masewera akutali. Mpira ukatha, jezi zonse zimalowa m'thumba la saka, ndipo thumbalo limakagona kunyumba kwake. Makadi a osewera ali kwa iye. Nambala ya foni imene a ligi amaimbira ndi yake. Tsiku limene bizinesi yake idzavute, kapena adzakangane ndi kochi, kapena chisankho chidzadutse, amangonyamula saka lija n'kutseka chitseko. Sondo lotsatira anyamata amafika pabwalo, n'kudikira, n'kubalalika. Pakatha mwezi, abwino atengedwa ndi matimu ena, ena asiyiratu mpira, ndipo ena mumayamba kuwaona m'mawa pamalo omwera kachasu. Izi zimandiwawa kuposa kugwa kwa Anzhi, chifukwa Eto'o anachoka ndi chuma chake kupita ku Chelsea, koma mnyamata wa m'komboni timu yake ikafa alibe kwina kolowera.

Kwa inu abwana amene mumathandiza matimu athu, tikukuthokozani kuchokera pansi pa mtima, ndipo musaleke. Pempho langa ndi loti muthandize m'njira yoti timu idzakhalepobe inu mutachoka. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Lolani kuti pakhale komiti yeniyeni, yosankhidwa, yokhala ndi mlembi ndi msungichuma amene si abale anu. Lolani kuti jezi ndi mipira zilembedwe m'buku monga katundu wa timu. Ndalama zisungidwe ku akaunti ya timu imene amasainira anthu awiri kapena atatu.

Kwa inu makolo ndi masapota, timu siikhala yanu chifukwa chokuwa pabwalo pokha. Amayi a m'misika yathu amayendetsa chilimba zaka ndi zaka popanda kusowetsa ngwee, ndipo luso limenelo ndi limene matimu athu akusowa. Aitaneni alowe m'makomiti. Mabanja makumi asanu atamapereka kangachepe mwezi uliwonse, timu singalephere kulipira oimbira mpira kapena kugula mpira watsopano chifukwa choti munthu mmodzi wakwiya. Ndipo bwalo lenilenilo muliteteze. Tonse taona mabwalo a m'makomboni a Lusaka akudulidwa mapuloti usiku, m'mawa n'kupeza maziko a nyumba pamene panali golo. Pitani kwa khansala wanu ndi ku komiti ya chitukuko ya wadi yanu, mukafunse ngati bwalo lanu linalembedwa kuti ndi malo a masewera.

Nthawi yathu yatsala pang'ono. Ndikusiyireni mafunso awiri oti mukambirane pakhomo usiku uno. Loyamba: timu ya m'dera lanu, amene amaisunga atachoka mawa, ingasewere Sondo likubwerali? Lachiwiri ndi la inu achikulire: ndi matimu ati a m'komboni mwanu amene anatha, ndipo anatha bwanji? Mbiri ya Anzhi inalembedwa m'manyuzipepala a dziko lonse, koma ya matimu a ku Kabanana, Chazanga ndi Chipata komboni ili m'mitu mwanu mokha. Khalani pansi ndi adzukulu anu, muwauze dzina la timu, mtundu wa jezi, bwalo limene inkasewera ndi amene ankaiphunzitsa, iwo alembe m'kope. Mukalemba, tumizani kuno ku wailesi, ndipo tidzawerenga m'pulogalamu ikubwerayi.

Mugone bwino, ndipo Sondo likubwerali pitani kubwalo mukachemerere ana athu.